Nkhafi Ikayamba Kulemera: Phunziro la Kukonzekera Ukalamba

Munthu wogwira ntchito ya Boma adziwiratu tsiku limene adzapuma. Akakwanitsa zaka 60 alandira kalata, atsazikana ndi anzake, napita kwao kukadya penshoni. Msodzi wa ku Kande kapena ku Usisya salandira kalata yotere. Iye angoona kuti nkhafi imene kale inali yopepuka yayamba kulemera, kuti usiku umodzi wokoka chilimira umgoneka masiku awiri, ndi kuti mwera ukaomba anyamata amuuza mwaulemu kuti, "Ada, lero tsalani kumtunda." Mai wa ku Mpamba naye aona kuti dengu la chinangwa limene ankasenza osapumira, tsopano alitula katatu panjira. Pamenepo ndiye kuti tsiku lopuma lafika, ngakhale palibe amene analengeza.

Phunziro la mwezi uno likunena za tsiku limenelo, ndipo mfundo yake ndi imodzi: ukalamba wabwino aukonza munthu akali ndi mphamvu. Chimene munthu adya pa zaka 40, chimene abzala pa zaka 45, ndi m'mene akhalira ndi abale ake pa zaka 50, ndizo adzazipeza pa zaka 70. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

ZAKA ZA MOYO ZACHULUKA

Pamene dziko la Malawi linalandira ufulu mu 1964, zaka zimene mwana wobadwa ankayembekezeka kukhala ndi moyo sizinkafika 40, makamaka chifukwa ana ambiri ankamwalira akali aang'ono. Cha m'ma 2000, pamene Edzi inali kutha anthu, zinali pafupifupi 45. Katemera, masikito ndi mankhwala a ma ARV, amene Boma linayamba kupereka mwaulere mu 2004, zasintha zinthu, kotero kuti zakazo tsopano zapitirira 60. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo pafupifupi 5 mwa anthu 100 alionse anali a zaka 60 kapena kuposa.

Komatu chofunika kuchiganizira bwino ndi ichi: munthu amene wafika zaka 60 angathe kuyembekeza zaka zina 15 kapena kuposerapo. Zimenezi ndi nyengo 15 za mvula zofuna denga losadontha, ndiponso masiku oposa 5,000 ofuna nsima ndi ndiwo. Kodi adzadya chiyani pa masiku onsewo manja atasiya kukoka ukonde? Nanga thupi lake lidzakhala lotani?

M'MENE MAKOLO ANKACHITIRA

Atonga a m'boma la Nkhata Bay si alendo pa nkhani imeneyi. Mishoni ya Livingstonia itakhazikika ku Bandawe mu 1881, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, anyamata ambiri a m'mbali mwa nyanja anaphunzira kuwerenga ndi kulemba, ndipo anapita kukagwira ntchito za ukalaliki, ukapitao ndi za m'migodi ku Bulawayo, ku Johannesburg ndi ku Salisbury, kumene lero ndi Harare.

M'zaka za m'ma 1950 katswiri wina wa chikhalidwe cha anthu, J. van Velsen, anakhala pakati pa Atonga, napeza kuti amuna oposa theka anali kunja kwa dziko. Anaonanso kuti ngakhale mwamuna akhale zaka zambiri kumeneko, sankaleka kutumiza ndalama ndi katundu kumudzi, kulemba makalata, ndi kulowererapo pa nkhani za ukwati, za maliro ndi za ufumu. Amunawo ankadziwa kuti m'tauni ya eni munalibe malo a nkhalamba, pakuti ntchito ikatha, nyumba ya kampani inkatha nayo. Mudzi ndiwo unali penshoni yao, ndipo akazi otsala ankasunga minda ya chinangwa kufikira iwo atabwera.

Amene anaiwala kwao anatchedwa machona. Ena mwa iwo anabwera atakalamba, ali ndi sutikesi imodzi, napeza malo ao akulimidwa ndi ena, ana a abale ao osawadziwa nkomwe. Nchifukwa chake pali mau akuti kupatsa nkuika.

Ntchito ya kunja nayonso siidalirika. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974, nipha anthu a ku Malawi 74, Boma linaimitsa ulendo wa kumigodi. TEBA inadzayambanso kulemba anthu, koma nayo inalekeza mu 1988, ndipo ambiri anabwera kwao asanakonzeke. Anyamata a ku Chintheche amene akupita ku Joni masiku ano ayenera kukumbukira zimenezi.

KONDOWOLE AFUNA MNZAKE

Nkhokwe yoyamba ya munthu wokalamba ndi thupi lake lomwe, ndipo thupi limangidwa ndi chakudya. Kondowole apatsa mphamvu yogwirira ntchito, koma zomanga thupi ali nazo zochepa ndithu. Mu ufa wa chinangwa wolemera magalamu 100 muli zomanga thupi galamu imodzi kapena awiri basi, pamene mu ufa wa mgaiwa muli magalamu 8 kapena 9. Munthu akamakula minofu yake ichepa pang'onopang'ono, ndipo ngati adya kondowole wambiri ndi ndiwo zongopaka, miyendo yake ifooka msanga. Nkhalamba yofooka miyendo igwa kawirikawiri, ndipo ikathyoka fupa la m'chiuno nthawi zambiri siidzukanso.

Mwayi wa anthu a m'mbali mwa nyanja ngwakuti mnzake wa kondowole ali pafupi. Usipa, utaka, batala ndi nkhungu zili ndi zomanga thupi zambiri. Usipa uli ndi ubwino wina wapadera: munthu audya ndi minga yomwe, mutu womwe, ndipo m'menemo muli kashiamu wolimbitsa mafupa. Chigwada nacho chili ndi zomanga thupi zambiri kuposa muzu wake, makamaka chikatendeledwa ndi nsinjiro. Cholakwa chimene chichitika m'makomo ambiri ndi kugulitsa nsomba zonse kwa ogula ochokera ku Mzuzu, banja nkutsala ndi mchere ndi tomato. Nsomba zikatsika m'bwato, za pakhomo ziyenera kupatulidwa poyamba, malonda pambuyo.

Pali chifukwa china chimene nsomba zifunikira. Chinangwa chowawa, monga cha mtundu wa Gomani, chili ndi chiphe chotchedwa cyanide. Amai a ku Nkhata Bay adziwa kuyambira kale kuchotsa chiphecho: asenda, aviika m'madzi masiku atatu kapena kuposa kufikira chafewa ndithu, achitsuka, achisinja, nachiyanika mpaka chauma gwa. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi masiku oviikawo ayenera kuchuluka. Kachiphe kotsalira thupi likachotsa lokha, koma lichita zimenezi pogwiritsa ntchito zomanga thupi za m'nsomba, mazira ndi nyemba. Choopsa ndi kufupikitsa masiku oviika pa nthawi ya njala, pamenenso ndiwo zasowa. Ku Nampula m'dziko la Mozambique, pa chilala cha 1981, anthu oposa 1,000 anapuwala miyendo chifukwa cha chimenechi. Chigwada nachonso chisinjidwe bwino ndi kuwiritsidwa mokwanira. Mchere wogula ukhale wokhala ndi ayodini, chifukwa chiphe cha chinangwa chikulitsa chithokomiro mwa munthu woperewera ayodini.

MAGULU ASANU NDI LIMODZI

A zaumoyo aphunzitsa kuti tsiku lililonse munthu adye kuchokera m'magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. M'boma lino zonsezi zipezeka: chinangwa, mbatata ndi mpunga wa ku Limphasa, nsomba, mazira ndi nkhuku, nyemba, khobwe ndi mtedza, chigwada, bonongwe ndi nkhwani, nthochi, mango, malalanje ndi nanazi, ndiponso mapeyala, amene ali ndi mafuta abwino. Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, ili ndi vitamini A wothandiza maso. Kulima mbewu zingapo kutetezanso ku njala. Akuluakulu akumbukira m'mene tizilombo toyera ngati ufa, totchedwa kodikodi, tinaonongera minda ya chinangwa m'boma lino cha m'ma 1986 ndi 1987, ndipo mabanja odalira chinangwa chokha ndiwo anavutika koposa.

Munthu wokalamba afuna nsima yocheperapo, koma ndiwo zisachepe ayi. Ngati mano atha, usipa wouma ausinje nauthire m'phala kapena m'masamba, nyemba aziphike za chipere, ndipo nthochi ndi peyala azikanye. Kondowole ngwonanda, choncho agogo amumeze mbamu zazing'ono ndi msuzi wokwanira. Ludzu nalo lichepa ndi ukalamba ngakhale thupi likufuna madzi, kotero chikho cha madzi abwino chikhale pafupi tsiku lonse. Agogo aakazi olera adzukulu ali ndi chizolowezi chosiyira ana ndiwo zonse. Achibale ayenera kuyang'anitsitsa mbale ya agogowo, osangofunsa ngati adya.

ADANI OBISALA

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 pamodzi ndi bungwe la WHO anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka sankadziwa. Anthu oposa 5 mwa 100 alionse anali ndi matenda a shuga. Matenda awiriwa sali a anthu a m'tauni okha ayi. Kuthamanga kwa magazi sikumva kuwawa. Munthu ayenda bwinobwino zaka zambiri, kenaka tsiku lina agwa, nafa ziwalo mbali imodzi. Chakudza sichiimba ng'oma.

Mchere wambiri ukweza magazi. Mulingo wa munthu wamkulu ndi wosapitirira magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi mchere umene uli kale m'nsomba zofutsa ndi m'ndiwo. Nsomba zamchere aziviike m'madzi asanaphike, ndipo mchere wothira pambale aleke. Soda ndi chidulo zifewetsa masamba koma ziononga mavitamini ena. Shuga wa m'tiyi achepe. Fodya ndi kachasu, zimene asodzi ambiri ati zichotsa mphepo ya usiku, ziononga mapapo, chiwindi ndi mtima, ndiponso zimeza ndalama zimene zikadasungidwa.

Munthu aliyense wopitirira zaka 40 ayenera kuyezetsa magazi ake kamodzi pa chaka ngakhale asakudwala. Kuyezako kutenga mphindi zowerengeka, ndipo zipatala za Boma, monga cha Chintheche, cha Kande, cha Mpamba ndi cha Usisya, sizilipiritsa. Nambala zikafika 140 ndi 90 kapena kuposa pa maulendo angapo, dotolo adzapereka malangizo kapena mankhwala. Mankhwalawo ngomwa masiku onse, osaleka poti thupi lapeza bwino. Anthu a ku Usisya, kumene mseu uvuta mvula ikagwa, achite bwino kukambirana ndi a chipatala za mankhwala ao dzinja lisanafike.

Matenda ena atatu afunika kuwatchula. Loyamba ndi likodzo, limene lichuluka m'madzi odekha a m'bango. Likakhalitsa m'thupi liononga chikhodzodzo ndi impso, pamene mankhwala ake a praziquantel ngosavuta kumwa. Lachiwiri ndi ng'ala, imene ichititsa khungu nkhalamba zambiri. Opaleshoni yake ndi yaifupi, ichitika ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, ndipo ambiri aonanso. Lachitatu ndi chifuwa chobwera ndi utsi wa m'khitchini. Mbaula ya Changu Changu Moto, imene bungwe la Ripple Africa lafalitsa m'midzi ya kuno, ichepetsa utsi ndi nkhuni zomwe, kotero mai wokalamba sayendanso kutali ndi mtolo. Amai ayezetsenso khansa ya khomo la chiberekero, ndipo abambo ovutika pokodza asachite manyazi kupita kwa dotolo.

KUSINTHA NTCHITO NTHAWI IKALIPO

Kukalamba sikutanthauza kukhala pamkeka tsiku lonse. Thupi losagwira ntchito liuma msanga. Kuyenda, kupalira dimba la pafupi, kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi kukaona malipenga kapena chilimika pamodzi ndi anzake zisunga miyendo ndi maganizo omwe. Chofunika ndi kusiya ntchito yolemetsa nkutenga yopepuka, ndipo yopepukayo aiphunzire akali ndi zaka 45 kapena 50. Kusoka maukonde, kuweta njuchi, kuweta nkhuku, kufesa mitengo ya nazale ndi kuluka mphasa ndi ntchito zimene munthu angathe kugwira kufikira zaka 75. Msodzi wanzeru ayesetsa kuti asanafooke akhale ndi bwato lake, kapena gawo pa ukonde, chifukwa mwini zipangizo alandira gawo lake la nsomba ngakhale wagona kumtunda, pamene wongokoka akaleka kukoka watha.

ZA NDALAMA NDI KATUNDU

Kwa anthu olembedwa ntchito, monga aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'minda ya raba ku Vizara kapena ya tiyi ku Kawalazi, lamulo la penshoni la 2011, limene linalowedwa m'malo ndi la 2023, linena kuti pa K100 iliyonse ya malipiro, wolemba ntchito aike K10 ndipo wantchito aike K5. Wantchito ayenera kupempha chikalata chosonyeza ndalama zake chaka ndi chaka, ndi kulemba maina a anthu odzalandira iye atamwalira. Ndalama zolandira pa tsiku lopuma zioneka zambiri, koma ambiri azimaliza pa chaka chimodzi poyamba malonda amene sanachitepo. Amene anagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku South Africa kuyambira mu 1965 asunge mapepala ao onse, pakuti bungwe la Tshiamiso Trust, limene linayamba mu 2020, lipereka chipukuta misozi kwa oyenerera amene anadwala TB kapena matenda a fumbi la m'migodi.

Asodzi ndi alimi ayenera kudzipangira penshoni yao. Ndalama zobisa pansi pa mphasa sizithandiza, chifukwa kwacha inatsika mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Amene anakwirira mtengo wa malata 20 anafukula mtengo wa malata ochepa. Njira zabwino ndi izi. Pa miyezi imene usipa wachuluka, gawo lina la ndalama lilowe ku banki m'khonde kapena ku SACCO, ndipo pogawana ligule chinthu chooneka: malata, simenti, mbuzi. Nyumba ya njerwa zootcha, chimbudzi cha pafupi ndi khomo lopanda masitepe ataliatali zimangidwe munthu akali kupeza ndalama. Mitengo ya mango ndi mapeyala yomezanitsa iyamba kubala pa zaka zitatu kufikira zisanu, ndipo idyetsa mwini wake popanda khasu. Mbawa ichedwa, koma idzapatsa adzukulu matabwa ndi bwato. Nthochi zobzala zikhale zochokera ku mbewu yopanda matenda a chisaka, ndipo alangizi a zaulimi angathe kuthandiza pa chimenechi.

Nyanja nayo ndi nkhokwe ya mudzi wonse. Wopha tiana ta nsomba ndi masikito akudya ndiwo za ukalamba wake womwe. Makomiti osamala nsomba amene anayamba m'boma lino mu 2012, mogwirizana ndi Dipatimenti ya Nsomba, ayenera kuthandizidwa ndi akulu ndi ana omwe.

Potsiriza pali wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lilola munthu kulemba m'mene katundu wake adzagawidwire, nasaina pamaso pa mboni ziwiri, ndipo nkwabwino kuti mbonizo zikhale zosalandirako kanthu. Lamulo lomwelo liletsa kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana. Nkhani ya minda ikambidwe pamaso pa mfumu ndi abale mwini wake akali moyo. Kulemba wilo sikuitana imfa.

UDINDO WA MUDZI

Pali nkhalamba zina zimene sizinathe kukonzekera, chifukwa ana amene zinkadalira anamwalira, nizisiyira adzukulu. Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo anafalikira m'maboma onse, athandiza mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu, koma safikira nkhalamba iliyonse. Kotero abale, mipingo ndi mafumu ali ndi ntchito yaikulu: kufolera nyumba, kutungira madzi, ndi kuperekeza agogo kuchipatala.

Nkhalamba ina iyamba kuiwala maina a ana ake, kulankhula zosagwirizana, kapena kusochera usiku nkupezeka pakhomo pa eni. Amenewa ndi matenda a ubongo obwera ndi ukalamba, ndipo wodwalayo afuna chisamaliro. Kumutchula mfiti ndi mlandu pa lamulo la 1911 limene likugwirabe ntchito, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lina loteteza anthu okalamba. Ana aona m'mene makolo ao asungira agogo, ndipo adzachita chimodzimodzi nthawi yao ikadzafika.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

1. Nsomba za pakhomo zipatulidwe malonda asanayambe.
2. Chinangwa chowawa chiviikidwe masiku okwanira, ngakhale pa njala.
3. Mchere usapitirire supuni yaing'ono imodzi pa tsiku.
4. Wopitirira zaka 40 ayezetse magazi chaka chilichonse.
5. Ntchito yopepuka iphunziridwe mphamvu zisanathe.
6. Ndalama za usipa zisanduke malata, ziweto ndi mitengo.
7. Wokhala kutali asaiwale kwao.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

Kodi m'mudzi muno muli nkhalamba zingati zokhala zokha, ndipo ndani aziphikira? Nanga ndi anthu angati a zaka zoposa 40 amene anayezetsa magazi chaka chino? Ndi mitengo ingati ya zipatso imene banja lililonse lingabzale mvula ikubwerayi?

Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a makomiti a m'mbali mwa nyanja apemphedwa kuwerengera anthu ao phunziro ili pa misonkhano. Ofuna kudziwa zambiri afunse alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi a m'dera lao, kapena ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma la Nkhata Bay.